Mafuta a Asewere

Ana anga, mwakhala mukundiumiriza kuti ndilembe za ntchito yanga ya unamwino maso asanayambe kuchita chidima. Za ubwana wanga ndizisiya, poti amalume anu anakufotokozerani mpaka kutopa nazo. Ndiyambira pomwe ndinavala yunifolomu yoyera koyamba. Iwe Dalitso, ndi inu apongozi anga a Tamanda, m'mutu uno muli nkhani yomwe inakukhudzani nonse awiri ukwati wanu uli pafupi. Pano ndiilemba monga momwe ndinaionera ine.

Ludzi, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980

Ntchito ndinayambira pa kachipatala kena ka mishoni kumidzi ya ku Ludzi. Mkulu wathu anali Sisitere Marita, mayi wamfupi, woyenda mwachangu, wosakonda kubwereza mawu. Ine ndinkalakalaka kugwira ku chipinda cha amayi oyembekezera, komwe kunali nthungululu ndi makanda. Koma tsiku loyamba lomwelo Sisitere ananditengera ku chipinda cha kumapeto, kogona nkhalamba zomwe zinkadwala nthawi yaitali. Anandipatsa beseni, kansalu ndi botolo la mafuta. Ndinakhumudwa. Ndinkaona ngati zaka zonse za maphunziro zathera pa kusambitsa agogo.

Kumeneko n'komwe ndinadziwira kuti khungu la munthu wachikulire ndi lina. Limapyapyala, limauma msanga, ndipo likang'ambika limachedwa kupola. M'miyezi ya chisanu agogo aja ankatuwa mbuu, miyendo ikuyabwa, zidendene zili ming'alu yokhayokha. Sisitere anandiphunzitsa kuwasambitsa ndi madzi ofunda pang'ono, sopo wochepa, kenako kuwadzoza khungu lisanaumiretu. Mafuta a m'sitolo ankatithera kawirikawiri. Zikatero tinkapempha amayi a m'mudzi kuti atiyengere mafuta a nsatsi, kapena tinkagwiritsa a mpendadzuwa omwewo a kukhitchini. M'thumba la mkanjo wawo Sisitere ankasunga kabotolo kakuda, kakang'ono ngati chala. Munali mafuta onunkhira a duwa lotchedwa lavenda, omwe anzawo a kunja ankawatumizira. Ankadontheza dontho limodzi pa supuni ya tiyi ya mafuta wamba, basi. Ndipo munthu watsopano ankayamba amupaka pang'ono mkati mwa mkono, n'kudikira mpaka mawa lake kuti aone ngati khungu lagwirizana nawo.

Tsiku lina ndinalimba mtima n'kufunsa. “Sisitere, bwanji osathira ambiri kuti agogowa anunkhire bwino?”

Anandiyang'ana. “Iwe, mchere umakoma mu ndiwo. Unayamba wadyapo mchere wokha wodzadza mbale?”

Sindinafunsenso. Patapita miyezi ndinayamba kuikonda ntchito ija. Panali agogo ena aakazi a ku mbali ya Zambia omwe anagwira dzanja langa ndikuwadzoza mapewa, n'kunena kuti chimwalirire amuna awo palibe munthu anawakhudzapo ndi manja ofewa. Kuyambira pamenepo ndinasiya kusirira a ku chipinda cha makanda.

Cha ku Kachebere, zaka za m'ma 1990

Nditakwatiwa ndi bambo anu, omwe anali mphunzitsi, ndinalowa ntchito ya boma ndipo anatitumiza pa chipatala china chaching'ono kufupi ndi malire. Tinalipo anthu atatu okha. Mkulu wathu, a Chimphepo, anali munthu wabwino koma wotopa. Mankhwala akatha ankakwera njinga yawo kupita ku boma, n'kubwerera ndi katoni imodzi yopepuka, nkhope ili khwinya. Tinkachapa mabandeji n'kuwayanika pa waya. Ena mwa inu mukukumbukira kuti munkasewera pansi pa waya ameneyo.

Kumalire kunkalowa katundu wamtundu uliwonse, ndipo pakati pake panali mafuta oyeretsa khungu. Amayi ankabwera masaya atapsa, ena khungu litapyapyala mpaka mitsempha kuonekera. Chomwe chinkandimvetsa chisoni n'chakuti ambiri sanali atsikana. Anali amayi a msinkhu wa pakati ndi kupitirira, oti amuna awo oyendetsa mathiraki apeza wina ku tsidya. Ukawafunsa chomwe adzola ankayankha kuti palibe, zangoyamba zokha. Poyamba ndinkawakalipira. A Chimphepo anandiitanira pambali tsiku lina n'kunena kuti, “A Nesi, munthu amene wabwera ndi manyazi mukamuonjezera manyazi ena, mawa sabweranso. Akapita kwa amene anamugulitsa.” Ndinaphunzira kufunsa pang'onopang'ono, ndiponso kugwiritsa mphuno. Nthawi zambiri fungo linkandiuza zomwe pakamwa pakana kunena. Nthawi imeneyo anandituma ku maphunziro aafupi a matenda a pakhungu, ndipo nditabwerako odwala onse a zidzolo ndi zilonda ankawalozera kwa ine.

Kamwendo, zaka zomaliza za ntchito

Malo anga omaliza anali pa chipatala china cha kufupi ndi Kamwendo. Apa n'kuti Dalitso atamaliza sukulu, akugwira ntchito ku Lilongwe. Anatiuza kuti wapeza mbeta, Tamanda, mwana wa mayi Nabanda omwe anali ndi sitolo pamsika pa Kamwendo. Chinkhoswe chinachitika bwinobwino, ndipo ukwati unakonzedwa kuti udzakhale anthu akatha kukolola. Ine ndi mayi Nabanda tinayamba kuitanana kuti asewere, monga amachitira makolo a ana okwatirana.

Ndiyenera kunena za mayi amenewa mwachilungamo. Amuna awo anamwalira ana ali aang'ono, ndipo anawalera okha ndi geni. Ankadutsa malire kukatenga zitenje, sopo ndi mafuta odzola, mvula ndi dzuwa. Anali munthu woseka mokweza, wopatsa, ndipo pamsika onse ankadziwa kuti kwa a Nabanda sugula chinthu chachinyengo. Nkhope yawo inali yosalala kuposa ya anzawo a msinkhu umodzi, moti amayi ankawafunsa chinsinsi chake.

Chaka chimenecho, nthawi yokumba mtedza, kunabwera mayi wina wachikulire atadziphimba ndi chitenje kumutu ngati wozizidwa, dzuwa likuswa mtengo. Atavundukula ndinaona matuza pamasaya, pamphumi ndi m'khosi. Kupsako kunali ndi mizere, ngati potsata zala za munthu. Sabata yomweyo kunabweranso wina, kenako ena awiri, onse amayi oti ali ndi zidzukulu, onse alimi. Wachitatu ndiye anatulutsa kabotolo kopanda dzina pa mfundo ya chitenje. Nditatsegula, fungo la ndimu linadzadza chipinda. Anali mafuta onunkhira ofinyidwa ku makoko a ndimu, osasakaniza ndi china chilichonse. Mafuta amenewa ukawadzola okha n'kupita padzuwa amawotcha ngati madzi owira, ndipo pakhungu lopyapyala la munthu wachikulire amawotcha koposa. Amayi aja ankawadzola m'mamawa popita kumunda, poganiza kuti awafafaniza makwinya.

“Munawagula kuti, mayi?”

Anayang'ana pansi. “Ndikanena musandiulule. Ndi kwa asewere anu.”

Loweruka lake ndinapita kusitolo kwawo. Anandilandira ndi chimwemwe, anandigulira chakumwa chozizira, n'kuyamba kundionetsa chitenje chomwe anasankhira a mbali ya kuchikazi. Pa shelefu kumbuyo kwawo timabotolo tija tinali ndandanda. Ndinadikira ogula atuluke.

“Asewere, ndabwera ndi nkhani ya mafuta awo. Akuwotcha anthu.”

Anaseka, poganiza kuti ndi nthabwala. “Awa? Ine ndimadzola tsiku lililonse madzulo ndikasamba. Taonani nkhope yangayi, yapsa pati?”

“Inu mumadzola madzulo, ndipo mumaswera mumthunzi muno. Anzathuwa akudzola m'mawa n'kukaswera padzuwa kumunda. Ndathandiza kale anayi.”

Ndinawafotokozera kuti mafutawo si oipa. Chofunika n'kuwasakaniza, dontho limodzi pa supuni ya mafuta a mpendadzuwa, kudzola madzulo okha, ndi kuyamba wayesa pamkono. Ndinati ndikhoza kumabwera Loweruka lililonse kudzawathandiza kusakaniza, ndipo botolo limodzi lalikulu likanatulutsa timabotolo tambirimbiri. Apa ndiye nkhope yawo inasintha.

“Mukuti ndizisungunula katundu? Zaka zonsezi pamsika pano sindinathirepo madzi mu chinthu. Osungunula ndi akuba, asewere. Amene anandigulitsa ku tsidya anandiuza kuti awa ndi enieni, ndipo ine ndimagulitsa enieni.”

“Enieniwo ndi amene akuwotcha.”

Anayamba kupinda chitenje chija. Kenako anayankhula motsitsa mawu. “Kapena nkhani ndi ina. Kapena mwaona kuti mwana wanu wophunzira akutenga mwana wa mayi wa geni, ndiye mukufuna poyambira.”

Mawu amenewo anandilasa. Ndinawatsimikizira kuti Tamanda ndinamukonda tsiku lomwe ndinamuona. Anangoti zikomo, n'kutembenukira kwa wogula yemwe analowa. Ndinatuluka, chakumwa chija ndisanachimalize.

Ndinakhala chete sabata yotsatira, ndikuyembekeza kuti mwina akaganiza mofatsa achotsa timabotolo tija. Kenako anthu anabwera nawo pa njinga mayi wina, a Nangondo, wa zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi, wolera zidzukulu zamasiye. Iwowa anadzola mpaka m'zikope chifukwa makwinya ambiri anali m'mbali mwa maso. Thukuta la kumunda linatengera mafuta aja m'diso. Chikope chinatupa mpaka kutsekeka, ndipo tinawatumiza ku chipatala chachikulu tisakudziwa ngati disolo lidzaonenso. Galimoto itanyamuka, mkulu wathu wa nthawi imeneyo, a Kalonga, anandiitana mu ofesi. Anali mnyamata kwa ine, koma wodziwa ntchito yake.

“Amayi, anthu asanu matenda amodzi si ngozi. Pali amene akugulitsa chinthu. Odwalawa amamasuka kwa inu. Mukumudziwa?”

Ndinawapempha kuti ndiwayankhe mawa.

Kunyumba ndinawapeza bambo anu akutonola chimanga pakhonde, ndipo ndinawafotokozera zonse. Anamvetsera mpaka kumapeto osandidula.

“Mayi a Dalitso, ukwati watsala pang'ono. Simungadikire kuti udutse kaye?”

“Mtedza sunathe kukumbidwa. Pofika tsiku la ukwati adzakhala atapsa angati?”

“Nanga mukatchula dzina, ana aja?”

“Ndi zomwe zikundisowetsa mtendere.”

Anaponya chitsononkho pansi. “Ine sindikuuzani chochita. Koma ndimakudziwani. Mukakhala chete, paukwatipo mudzavina maso ali pa masaya a amayi anzanu. Chomwe ndingapemphe n'chimodzi. Asamve kwa anthu. Akamve kwa inu.”

M'mawa mwake, ndisanapite kuntchito, ndinadzera kusitolo. Ndinawapeza mayi Nabanda akusesa pakhomo. Ndinawauza za diso la mayi Nangondo, ndi kuti a Kalonga andifunsa dzina. Ndinati ngati achotsa timabotolo tija pomwepo n'kuuza omwe anagula kale kuti asiye kudzola m'mawa, ndikanena kuti nkhani yatha. Anaimika tsache.

“Diso limatupa ndi zambiri. Pitani mukanene, a Nesi.”

Sananditchule asewere. Ndinapita kukanena.

Tsiku la msika kunabwera mkulu woyendera zaumoyo, n'kutenga timabotolo tonse anthu akuona. Ine ndinapempha kuti asawatsekere sitolo, ndipo sanatseke. Koma a Kalonga anati omwe anagula kale ayenera kuchenjezedwa, choncho masana omwewo ndinaimirira pansi pa mtengo wa pamsika n'kuyankhula ndi amayi. Sindinatchule dzina la munthu. Ndinangofotokoza za khungu la ife achikulire, za kusakaniza, za kuyesa pamkono, ndi za mafuta a ndimu ndi dzuwa. Komabe pa Kamwendo panalibe yemwe sankadziwa komwe mafutawo ankagulidwa. Ndikuyankhula ndinkaona chitseko cha sitolo ija chili chotseka, tsiku la msika.

Zotsatira zake mukuzidziwa. Dalitso unandiimbira foni kundifunsa ngati panalibe njira ina. Inu a Tamanda munabwera kunyumba, munakhala pamphasa n'kulira. Achimwene awo a mayi Nabanda anafuna kuti ukwati uimitsidwe. Ankhoswe a mbali zonse anakhala pansi kawiri, ndipo chomwe chinapulumutsa zinthu ndi mawu a mayi Nabanda eni ake. Akuti ananena kuti mwana wawo sanalakwe ndipo mnyamatayo sanalakwe, mlandu ndi wa akuluakulu awiri. Ukwati unachitika. Pa nthawi ya perekaniperekani iwo ankavina mbali iyo, ine mbali ino, ndipo pojambulitsa anaima kumapeto kwenikweni.

Sindikufuna kuchepetsa zomwe anataya. Kwa miyezi yambiri amayi anasiya kugula ngakhale sopo kusitolo kwawo, ena akunong'onezana kuti amagulitsa zowotcha dala. Dzina lomwe anamanga kwa zaka zambiri linadetsedwa tsiku limodzi. Anasiyiratu za mafuta n'kutsala ndi zitenje zokha. Ine kumbali yanga sindinaonenso mayi wopsa ndi mafuta a ndimu mpaka ndinapuma ntchito. Zonse ziwirizi n'zoona, ndipo china sichifafaniza chinzake. Kwa zaka zotsatira tinkakumana pa maliro ndi pobadwa zidzukulu zathu. Moni tinkapatsana wa pakamwa pokha. Mwana akachoka m'manja mwawo kubwera mwa ine, ankadzera m'manja mwa munthu wina.

Chaka chatha

Nditapuma ntchito, bambo anu atatisiya, ndinkangolima kadimba kanga ndi kuthandiza okalamba a mumpingo. Chaka chatha, m'nyengo ya chisanu, ndinamva kuti mayi Nabanda agwa m'sitolo ndipo mbali imodzi ya thupi yafa. Atatuluka m'chipatala, a Tamanda anabwera kwa ine. Anati tchuthi chawo chatha, ayenera kubwerera ku Lilongwe, ndipo mng'ono wawo wa mayi awo yemwe akuwasamalira sadziwa kusamala munthu wogona. Khungu layamba kusupuka ndipo pamsana pakufiira.

“Ndikudziwa kuti n'zovuta, amayi. Mungokamuonetsa kachitidwe kake, olo kamodzi.”

“Iwo akudziwa kuti mwabwera kuno?”

“Ndawauza. Sanayankhe.”

Ndinasakaniza mafuta anga kunyumba n'kukwera kabaza. Ndinawapeza atagona chagada m'chipinda cha kuseri kwa sitolo, ataonda, tsitsi lonse loyera. Ndinapereka moni. Anandiyang'ana, kenako anayang'ana kudenga. Ndinafunditsa madzi, ndinawapukuta, n'kumuonetsa mng'ono wawo uja katembenuzidwe ka wodwala ndi malo oyenera kuyang'anitsitsa: m'chiuno, m'zigongono, m'zidendene. Nditayesa mafuta pamkono ndinalonjeza kubweranso mawa lake. Ndinabwera, ndipo ndinapitiriza kubwera. Kwa masabata angapo ntchito inkachitika mwakachetechete. Ine ndinkadzoza, iwo ankayang'ana kudenga.

Tsiku lina m'mawa, mng'ono wawo atapita kumjigo, ndikuwadzoza mwendo wakufawo, ndinamva akuyankhula. Lilime linali lolemera, moti ndinachita kuweramira pafupi.

“Munandichititsa manyazi.”

“Eya, ndinakuchititsani.”

“Pamsika ponse.”

“Pamsika ponse.”

Sindinapepese, ndipo sindikuganiza kuti ankayembekeza kupepesa. Ndinapitiriza kudzoza, kuchokera pabondo kutsikira kuphazi. Panapita nthawi yaitali. Ndinkaganiza kuti agona.

“Mayi uja,” anatero. “Wa diso uja.”

“A Nangondo?”

“Linachira?”

Zaka zonsezi ankakhala pamsika womwewo, mudzi wa a Nangondo uli pafupi pomwepo, koma sanafunsepo munthu. Ndinawauza kuti linachira, kuti mayiyo anaona ndi maso onse awiri mpaka tsiku lomwe anamwalira ndi ukalamba, ndipo chomwe chinatsala ndi kachipsera kakuda pachikope.

Anatseka maso. Msozi unatsika mbali yamoyo ya nkhope yawo n'kulowa m'khutu. Ndinawapukuta ndi nsonga ya chitenje changa. Atatsegulanso maso anayesa kudzitembenuza okha ndi dzanja lamoyolo, koma analephera.

“Ndithandizeni, asewere,” anatero. “Kumsanaku simunadzoze.”